ZA M'BANJA LA CHISILAMU: Tilipiriretu Chakudya Kapena Tikaphike Tokha?

 

Kuchokera ku Makanjira kukafika ku Nkhotakota, mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja ali ndi bambo, mwana kapena mlongo amene ali pa ntchito ku Joni. Masiku ano alipo abambo ena amene m'malo mobwera kumudzi pa tchuti cha Disembala, amatumiza ndalama kuti mayi ndi ana akwere basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, akaonane komweko. Anawo akafika chimene amalirira ndi malo a masewera amene amawaona pa foni, ndipo bambo, pofuna kubweza zaka zimene wakhala kutali, amavomera. Apa ndi pamene pabwera funso limene makolo angapo atifunsa: kodi chanzeru ndi chiti, kugula ulendo wa hotela umene chakudya chake chimalipiridwiratu, kuchita lendi nyumba yophika wekha, kapena kukafikira kwa abale? Wina angaione ngati nkhani yopepuka, koma ndalama zimene zikukambidwa pano ndi thukuta la munthu la chaka chathunthu, ndipo m'kati mwake muli halaal ndi haraam.

Tiyambe ndi kunena kuti Chisilamu sichiletsa bambo kusangalatsa banja lake, ndipo kuyenda n'kumaona zolengedwa za Allah ndi chinthu chabwino. Koma ulendo wotere ubwere pambuyo pa zokakamizika. Ngati fizi ya Januwale sinapezeke, ngati feteleza sanagulidwe pamene Disembala ndi mwezi wodzala, ngati zakaat sinaperekedwe, ulendowo udikire. Ndipo ngati ndalama zake ndi za katapila kapena ngongole ya chiwongola dzanja, musatifunse n'komwe za hotela, chifukwa ulendowo waonongeka musananyamuke.

MALO AMENE TIKUKAMBA

Titenge chitsanzo cha uShaka Marine World ku Durban, mtunda wa makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku Johannesburg pa msewu wa N3. Malowa anatsegulidwa m'chaka cha 2004 kumapeto kwa gombe la mzindawo, pafupi ndi polowera sitima zapamadzi. Ali ndi mbali ziwiri zikuluzikulu zolipiritsa. Sea World ndi kumene kuli nsomba za m'nyanja yamchere, shaki ndi ma dolphin, ndipo malo oonera nsombawo anawamanga ngati sitima yakale yophwasuka. Wet 'n Wild ndi kumene kuli masewera otsetsereka m'madzi. Palinso Village Walk, mzere wa masitolo ndi malo odyera umene munthu amalowa osalipira.

Tasankha Durban chifukwa ndi mzinda wa Asilamu ambiri, kotero chakudya cha halaal ndi mizikiti sizisowa. Ku Johannesburg kuli Gold Reef City, malo a masewera amene anamangidwa pa mgodi wakale wa golide, wonga migodi imene agogo athu ankapitako pa Theba. Amene asankha kumeneko adziwe kuti pamalopo palinso nyumba yaikulu ya juga, ndipo posankha pogona afunse ngati hotelayo ili mbali ya masewera a ana kapena mbali ya jugayo.

KODI KULIPIRIRATU CHAKUDYA N'KOLOLEDWA?

Mahotela a ku South Africa amagulitsa pogona m'njira zitatu. Yoyamba ndi bed and breakfast, kutanthauza chipinda ndi chakudya cha m'mawa. Yachiwiri amailemba DBB, imene imaonjezera chakudya chamadzulo. Yachitatu ndi self-catering, ndiko kuti nyumba yokhala ndi khitchini, mapoto ndi firiji, koma chakudya mudzionere nokha.

Ena mwa ophunzira athu amafunsa kuti, popeza malonda a chinthu chosadziwika kuchuluka kwake ndi oletsedwa, omwe m'Chiarabu amatchedwa gharar, nanga munthu angalipire bwanji mtengo umodzi pa chakudya chimene wina adya mbale imodzi, wina mbale zitatu? Funsoli ndi labwino, ndipo ma ulama akale anayankha lofanana nalo. M'mizinda ya Asilamu munali nyumba zosambiramo zolipira, ndipo wolowamo ankapereka mtengo umodzi ngakhale panalibe wodziwa kuchuluka kwa madzi amene agwiritse ntchito kapena nthawi imene akhalemo. Ma ulama analola zimenezi chifukwa kusadziwikako n'kochepa, anthu anazolowera kutero, ndipo sikubweretsa mkangano. Potengera chitsanzo chimenechi, ma ulama ambiri a masiku ano amalola chakudya cha buffet chimene munthu amadzitengera yekha pa mtengo umodzi. Tsono kulipiriratu pakokha si tchimo. Vuto lili pa zimene zili m'mbalemo, ndi pa zimene kulipiriratuko kumachita mu mtima mwa munthu.

SAFUNSA ANADYA PHULA

Chakudya cha m'mawa m'mahotela ambiri a kumeneko chimakhala ndi nyama ya nkhumba yotchedwa bacon ndi masoseji. Mwina inu munganene kuti tidzangotenga mazira ndi buledi. Koma mazirawo akhoza kukhala kuti anakazingidwa pa chiwaya chomwecho, ndipo chopanira chimene chagwira sosejiyo ndi chomwe mnzanu wa patsogolo wagwirira tomato. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri atanyamula mbale yake pa mzere sangathe kusiyanitsa soseji ya ng'ombe ndi ya nkhumba.

Ku South Africa kuli mabungwe amene amayendera malo odyera n'kupereka satifiketi ya halaal. Odziwika ndi SANHA, imene inakhazikitsidwa mu 1996, NIHT, ndi nthambi ya halaal ya MJC ya ku Cape Town. Satifiketi yeniyeni imakhala ndi dzina la malowo ndi tsiku lothera mphamvu. Kotero musanatumize ndalama pemphani akutumizireni chithunzi chake, muone dzina, muone tsiku. Musakhutire ndi mawu akuti sitiphika nkhumba, pakuti nkhuku yosazingidwa mwa Chisilamu nayonso siloledwa. Musakhutirenso ndi mawu akuti halaal friendly, chifukwa kawirikawiri amangotanthauza kuti nyama anaigula ku butchala ya halaal koma khitchini ndi imodzi ndi zina zonse. Dziwaninso kuti malo odyera a dzina limodzi akhoza kukhala ndi satifiketi pa nthambi ina, pa ina ayi.

Funso lina ndi la mowa. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, analetsa wokhulupirira kukhala pa tebulo pamene pakumwedwa mowa. Tebulo la banja lanu lidzakhala loyera, inde, koma ngati chipinda chodyeramo ndi chomwecho muli bala, ganizani zimene maso a ana anu adzaona madzulo anayi otsatizana. Amene walipiriratu alibe kothawira. Amene ndalama yake ili m'thumba akaona zosayenera amatuluka n'kukadya kwina.

TIWERENGERE PAMODZI

Mitengo imasintha chaka ndi chaka, choncho manambala awa ndi ongoyerekeza, inu mudzaikepo mitengo imene akuuzani. Tiyerekeze banja la bambo, mayi ndi ana anayi, logona usiku unayi. Tinene kuti hotela ikuonjezera R200 pa munthu wamkulu ndi R100 pa mwana chifukwa cha chakudya chamadzulo. Usiku umodzi ndi R800, usiku unayi ndi R3,200.

Tsopano funsani kuti mwa zakudya zinayizo mudzadya zingati. Tsiku lina abale a kwanu amene ali mu mzindawo adzakuitanani, ndipo simungawakanire. Tsiku lina ana adzabwera kuchokera ku masewera atatopa, awiri agona asanasambe n'komwe. Ngati mwadya ziwiri zokha, chakudya chilichonse chakudyerani R1,600, pakuti chimene simunadye hotela sibweza. Onjezerani apo kuti mwana wozolowera nsima ya chambo kapena usipa akhoza kungolawa pang'ono zachilendozo n'kusiya, ndipo usiku ayamba kulira njala.

Banja lomwelo litakhala m'nyumba yophika lokha, n'kugula ufa, mpunga, nkhuku ya halaal, ndiwo zamasamba ndi mafuta, tinene R300 pa madzulo amodzi, likhala litaononga R1,200 yokha, ndipo zotsala zilowa m'firiji kudikira mawa.

Chinthu china chimene ambiri amaiwala ndi chakudya chamasana. DBB siikhudza nkhomaliro, pamene nthawi imeneyo ndi imene muli m'kati mwa malo a masewera, kumene chakudya ndi zakumwa zimakwera mtengo kuposa kunja. Malo ambiri otere salola kulowa ndi chakudya chochokera kunyumba. Funsani lamulo lake musanapite, mufunsenso ngati tikiti yanu ikulolani kutuluka kukadya n'kubwereranso. Mukadya m'malo okhala ndi operekera zakudya, chizolowezi cha kumeneko ndi kuonjezera pafupifupi 10 peresenti ya bilu ngati yothokozera, ndipo imeneyonso ilowe m'chiwerengero chanu.

Koma chimene chimatidetsa nkhawa koposa si masamu. Munthu akalipiriratu, mtima umamuuza kuti adye mpaka ndalama yake ibwerere. Mbale imadzazidwa kawiri katatu, ana akuuzidwa kuti tengani zambiri talipira kale, ndipo theka lake likatayidwa kudzala. Qur'an yolemekezeka mu Surah Al-A'raf ndime 31 imaloleza kudya ndi kumwa koma imaletsa kupyola muyezo, ndipo Mtumiki anatiphunzitsa kugawa mimba patatu, gawo la chakudya, la madzi ndi la mpweya. Mwana amene kwa chaka chonse ku madrassa wakhala akuphunzira kuti asasiye mpunga m'mbale, masiku anayi a buffet akhoza kumuphunzitsa zosiyana, ndipo mphunzitsi wake adzakhala bambo ake omwe.

MBALI INAYO TISAIBISE

Kulipiriratu kuli ndi ubwino wake. Woyamba ndi wa kwa iwo amene ndalama zawo zili m'makwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Banja limene linalipira kale pogona ndi chakudya m'ma rand kugwako kusanachitike silinakhudzidwe, pamene limene linasunga makwacha kudikira Disembala linapeza kuti ndalama yake yafupika. Wachiwiri ndi woti simuyenda ndi ndalama zambiri m'thumba pakati pa chikhamu cha anthu. Wachitatu ndi woti alipo abambo amene ndalama ikakhala m'manja siichedwa kutha, ndipo kwa oterowo ndi bwino chakudya cha ana chikhale cholipiridwa kale.

Ubwino wachinayi ndi waukulu, ndipo abambo amvetsere. Tikamati nyumba yophika wekha ndi yotsika mtengo, wophikayo ndani? Mayi amene chaka chonse wakhala yekha kumudzi, kulima, kutunga madzi ndi kulera ana, wayenda masiku awiri pa basi, kenaka akafike ku Durban n'kuimanso pa mapoto pamene ena akuona nyanja pa khonde? Ndalama imene mwapulumutsayo ndiye kuti walipira ndi iyeyo. Mayi Aisha, Allah asangalale nawo, atafunsidwa zimene Mtumiki ankachita m'nyumba, anafotokoza kuti ankathandiza a m'banja lake ntchito. Abambo a ku Joni amadziphikira okha chaka chonse, kotero sanganene kuti mthiko sawudziwa. Ngati mwasankha kuphika nokha, gawanani masiku musananyamuke, ndipo anyamata atsuke mbale.

ZA POGONA

Nyumba ya pafupi ndi gombe imakhala yodula kuposa ya kutali, makamaka mu Disembala pamene sukulu za kumeneko zatsekera ndipo anthu ochuluka amathamangira ku Durban. Koma musanathamangire yotchipa ya kutali, werengerani mtengo wa galimoto ya anthu asanu ndi mmodzi, kupita ndi kubwera, tsiku lililonse. Ya pafupi imakupatsaninso mwayi wobwerera masana kukadya, kukaswali ndi kugoneka wamng'ono.

Chachiwiri ndi zipinda. Hotela ikati chipinda cha banja, nthawi zambiri ndi chipinda chimodzi cha mabedi angapo. Chiphunzitso cha Mtumiki ndi chakuti ana akafika zaka khumi asiyanitsidwe pogona, ndipo Surah An-Nur ndime 58 imatchula nthawi zitatu zimene ngakhale ana ayenera kuodira asanalowe kwa makolo awo. Ulendo suchotsa ulemu umenewu. Banja lokhala ndi mnyamata wa zaka 13 ndi mtsikana wa zaka 11 lifunika zipinda ziwiri za hotela kapena kuposa, ndipo apa ndi pamene nyumba ya zipinda ziwiri ndi pabalaza imaposa hotela kutali.

Chachitatu, eni nyumba amalemba chiwerengero cha anthu ololedwa kugonamo. Kulembetsa anthu anayi n'kulowetsa ena awiri usiku mozemba ndi chinyengo, chimodzimodzinso kuchepetsa zaka za mwana pa geti kuti alipire tikiti ya ana. Mwanayo akumva pamene mukunama.

Nanga kufikira kwa abale? Ndi njira yotsika mtengo ndithu, ndiponso imalimbitsa ubale. Koma abale athu ambiri kumeneko amakhala m'kachipinda kamodzi ka lendi, ena mogawana ndi anzawo, ndipo magetsi ndi madzi amalipira. Manyazi sawalola kukana. Chisilamu chinaika masiku atatu kukhala ufulu wa mlendo, ndipo chinaletsa mlendo kukhalitsa mpaka kum'panikiza mwini nyumba. Makolo athunso anati mlendo ndi mame. Mukafikira kwa abale, gulani ufa ndi ndiwo, thandizani za magetsi, ndipo tsiku lochoka lidziwike pa tsiku lofika.

NDALAMA YA CHIKOLE

Pafupifupi malo onse amafuna dipoziti kuti akusungireni chipinda, ndipo ena salola kubweza mukalephera kupita. Ma ulama anasiyana maganizo pa chikole chosabwezedwa chotere, chimene chimatchedwa arbun. Mazhabu a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kuno timatsata, pamodzi ndi a Imam Abu Hanifa ndi Imam Malik sanachilole, pamene Imam Ahmad bin Hanbal anachilola. Bungwe la ma ulama a maiko a Chisilamu la International Islamic Fiqh Academy, pa msonkhano wake wa ku Brunei mu 1993, linagamula kuti n'chololedwa ngati nthawi yodikira yatchulidwa. Kotero amene wakakamizika kupereka ali ndi pogwira, koma amene wapeza malo obweza ndalama asankhe amenewo, atuluke mu kusiyana maganizoku.

Dziwaninso ufulu wanu. Lamulo la ku South Africa loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2008, mu gawo 17 limalola munthu kuthetsa zimene anasungitsa, mwini malo n'kudulapo ndalama yoyenerera yokha, ndipo limaletsa kudula kalikonse ngati chifukwa chake ndi imfa kapena kugonekedwa m'chipatala kwa munthu amene malowo anasungidwira. Kuti lamuloli likuthandizeni sungani risiti ndi zonse zimene munalemberana. Qur'an nayonso, mu ndime yaitali kuposa zonse, Surah Al-Baqarah 282, imatilangiza kulemba mapangano a ngongole a nthawi yoikika. Ndipo chenjerani ndi nyumba zokongola zotsatsidwa pa Facebook ndi WhatsApp pa mtengo wotsika modabwitsa. Tumani m'bale amene ali mu mzindawo akaione ndi maso musanatumize ngakhale rand imodzi.

SWALA PA ULENDO

Mizere ya pa masewera ndi yaitali, ndipo Dhuhr ndi Asr zimadutsa munthu ali pa mzere. Allah anatipeputsira. M'mazhabu a Imam Shafi'i wa paulendo akhoza kufupikitsa swala za maraka anayi kukhala awiri, ndiponso kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, Maghrib ndi Isha, malinga ngati sanatsimikize zokhala pamalopo masiku anayi athunthu, osawerengera tsiku lofika ndi lochoka. Banja lofika Lolemba n'kuchoka Lachisanu lili ndi masiku atatu okha pakati, kotero mwayiwu ndi wake. Lofika Lolemba n'kuchoka Loweruka lakwanitsa anayi, ndipo liyenera kuswali mokwanira kuyambira pofika. Mukaswali pambuyo pa imamu wa pamalopo, malizani naye maraka anayi. Asilamu ambiri a ku Durban ndi a mazhabu a Imam Abu Hanifa, ndiye mukaona kusiyana pang'ono pa kaswalidwe musadabwe kapena kutsutsana nawo.

Ngati Lachisanu likupezani kumeneko, musagule tikiti ya tsiku lonse ya tsikulo. Tengani ana mukaswali Jumu'ah ku Juma Masjid mu msewu wa Dr Yusuf Dadoo, umene kale unkatchedwa Grey Street, mzikiti umene unayamba m'zaka za m'ma 1880. Ana adzaukumbukira monga momwe adzakumbukirire shaki zija, ndipo polowa salipiritsa. Za ku Wet 'n Wild, makolo aganize bwino za mavalidwe a kumalo osambira asanagule tikiti yophatikiza mbali zonse ziwiri. Tikiti ya ku Sea World yokha ndi yotsikirapo mtengo ndipo ilibe vuto limeneli. Anyamata athu odziwa kusambira m'nyanja yathu achenjezedwe kuti nyanja yamchere ili ndi mafunde okoka, asambe pakati pa mbendera za opulumutsa anthu basi.

Pomaliza yang'anani kalendala. Ramadhan imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndipo pofika 2030 idzayamba kugwera mu Disembala. Chakudya cha m'mawa cha hotela chimaperekedwa dzuwa litatuluka, kotero wosala amene walipiriratu wataya ndalama, pokhapokha atagwirizana nawo molemba kuti amukonzere daku.

MAGANIZO ATHU

Kwa banja la ana atatu kapena kuposa, ife tikuona kuti nyumba yophika nokha ya zipinda ziwiri, yosatalikira gombe, ndiyo yabwino. Idyani mokhuta m'mawa musanatuluke, gulani chakudya chimodzi patsiku pa malo a satifiketi ya halaal kuti mayi apume ndiponso ana alawe bunny chow ya ku Durban, ndipo madzulo aphike bambo. Kwa banja laling'ono la masiku awiri, hotela ya chakudya cha m'mawa chokha ndi yokwanira ngati khitchini yake ili ndi satifiketi. Chakudya chamadzulo cholipiriratu tikuchivomereza pokhapokha ngati satifiketi mwaiona, bala mulibe, ndipo mwawerenga kuti madzulo onsewo mudzakhalapo.

Amene chaka chino sangakwanitse ulendo wotere asadzione ochepa pamaso pa ana awo. Anthu amachoka ku Ulaya kudzaona mbuna za ku Cape Maclear, m'malo otetezedwa amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984, ndipo ife tikhoza kupitako ndi mpunga wathu m'poto n'kubwerako tsiku lomwelo.

Allah ndiye Wodziwa koposa. Tikumupempha adalitse rizq la abale athu amene ali kutali, awasunge apaulendo m'misewu, ndipo awabweze kwawo mu mtendere. Pitirizani kutumiza mafunso anu kudzera kwa mkonzi, ndipo tidzakumananso m'kope likudzalo, Insha Allah. Wassalaam alaikum warahmatullahi wabarakatuh.